Kazenera ka Phazi la Apongozi

Dokotala wa pachipatala cha pa boma sanazungulire. Anati bala la kuchidendene kwa apongozi anga aamuna lafika poipa chifukwa cha matenda a shuga. Likapanda kutsukidwa m'mawa ndi madzulo, n'kumabwera nalo kuchipatala mlungu uliwonse, mwendo udzadulidwa. Ine ndinali panja pabenchi, koma chitseko chinali chotsekula ndiye ndinamva zonse. Ndinamvanso yankho la mwini mwendo.

"Mbwenu ndamva, adokotala. Ndizikatsukira kukaya."

Kukaya ndiko kumudzi kwawo, kuseri kwa Manyamula, kumene ankakhala okha ndi ng'ombe zawo. Ana awo ena onse anali ku Joni. Amene anatsala kuno ndi amuna anga okha, ndipo nawonso sankakhazikika, chifukwa ankayendetsa lole yonyamula matabwa kuchokera ku Luwawa kupita ku Lilongwe. Kumudziko panalibe woti n'kutsuka bala la munthu. Tonse tinkadziwa zimenezi, ngakhale iwo eni ake.

Chimene ankathawa m'tauni ndinali ine. Kwathu ku Ntchisi apongozi timawaopa ndithu, koma kuno ku Mzimba ndinapeza zoposa. Mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana, sayang'ana apongozi ake aamuna kumaso, sawapatsira chinthu m'manja, salowa mogona mwawo, ndipo sayankhulana nawo mwachindunji. Mabanja ambiri zimenezi anazifewetsa kalekale. Ulipo mwambo woti akuluakulu amam'patsa mkamwana nkhuku, n'kumumasula kuti aziyankhula nawo ndi kuwayandikira ngati mwana wa pakhomo. Koma amene amakumbutsa zoterezi ndi amayi, ndipo apongozi anga aakazi anamwalira ndisanabereke n'komwe mwana woyamba. Nkhuku yanga inangoiwalika. Ana anga anabadwa, anakula mpaka kupita kusekondale yogonera konko, ine ndikugwadirabe patali maso ali pansi. Mukanandifunsa maonekedwe a apongozi anga, ndikanakuuzani za chipewa ndi nsapato.

Tsiku la kuchipatalalo anakana kulowa m'nyumba mwathu. Anagona m'lole ya mwana wawo, chokhala, mwendo uli lende. Kutacha phazi linali litatupa ngati dzungu. Mtima wanga unawira.

"Ndiye mungowasiya apite?" ndinafunsa amuna anga.

"Nanga nditani? Adada ukuwadziwa. Denga limodzi ndi iwe, bafa imodzi ndi iwe, yayi, sangalole."

"Ndiye tiwapezere denga lawolawo."

Nyumba yathu ndi ya lendi, ndipo mwini wake anakana kuti tiwonjezerepo ngakhale njerwa imodzi. Kuwapezera chipinda kwina kunali kuwataya, pakuti ankafunika munthu pafupi. Amuna anga anakanda m'mutu kwa nthawi, kenako anakumbukira kakalavani kena kamene kanatayidwa kumalo ochekera matabwa ku Luwawa. Kale ankagonamo mlonda, pambuyo pake ankasungiramo macheka ndi zigubu za dizilo. Mwini wake anangoti tikachotse, kakum'tsekera malo. Apongozi tinawapempherako pogona kwa mkulu wina wa mpingo wochokera kwawo, ife n'kupita kukakatenga.

Nditakaona ndinaseka kuti ndisalire. Kanali kakafupi, kobiriwira mbali imodzi ndi ndere, matayala ataphwa, denga lodontha, mkati muli utuchi ndi manyi a makoswe. Munthu ukaimirira pakati n'kutambasula manja unkakhudza makoma onse awiri. Tinabwereka matayala, tinakamangirira kumbuyo kwa lole, n'kuyenda nako pang'onopang'ono mpaka ku boma, anthu a m'njira akutiloza.

Ntchito yanga ndi yosoka mipando ya sofa ndi makhushoni, pakhonde pomwepo. Chinthu chokhalapo munthu kapena chogonapo sichindiopsa. Ndinayamba ndi kukatsuka ndi phulusa ndi sopo mpaka fungo la dizilo litachepa. Denga tinalimata phula, pamwamba pake n'kumanga kamthunzi ka udzu kuti dzuwa lisamawotche malata. Ku Mzimba kukazizira kumazizira zenizeni, choncho makoma onse ndinawayala zidutswa za siponji zimene ndinkasunga m'matumba, n'kuphimba ndi nsalu yotsala pa sofa ya munthu wina wa ku Jenda, yamaluwa ofiira. Bedi ndinalipanga lalifupi msinkhu, loti munthu akakhala mapazi azigunda pansi, ndipo kumiyendo ndinakwezako ndi khushoni yolimba kuti phazi lisamatupe. Kudenga ndinamangirira chingwe chokhala ndi mfundo choti azidzikokera podzuka. Pakona ndinaika mpando wobowola pakati, pansi pake ndowa yokhala ndi chivundikiro. Zenera ndinalitchinga ndi waya wa udzudzu. Pakhomo panali patali ndi pansi, ndiye amuna anga anakhoma zigwagwa, matabwa otsala pocheka aja, n'kupanga kamtsetse koti munthu wa ndodo akwerepo bwino.

Misomali, phula ndi mahinjesi ndinkagula kwa bambo wina wachisilamu wa pamsika, munthu wanthabwala. Nditapitako kachitatu anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake.

"Amayi, mukumanga khola la nkhunda kapena ndege?"

"Hotela," ndinatero. "Ya mlendo mmodzi, wovuta."

Tinakaimika pabwalo, tinakakweza pa njerwa kuti kasamagwedezeke, chitseko chikuyang'ana kukhitchini kwanga. Ndinachita dala. Ndinkafuna kuti akagwa ndiwaone, akaitana ndimve, chakudya chizifika chikadali chotentha. Ndinaima patali n'kuyang'ana ntchito yanga, ndipo kunena zoona ndinadzitama.

Apongozi anabwera pa njinga yamoto ya kabaza. Ine ndinagwada kuseri kwa chitseko cha khitchini, ndikusuzumira pamng'alu. Ndinaona nsapato imodzi, bandeji ndi ndodo zikuzungulira kalavani. Zinaima pakhomo, zinatembenuka, kenako zinapita kukakhala pampando pansi pa mtengo wa papaya.

"Nyumba njabwino chomene," anauza mwana wawo. "Kweni chitseko ichi. M'mawa ndizituluka ndi ndowa yanga, amama a m'nyumba ali apo akukoleza moto? Yayi. Ndipezere galimoto ya ku Manyamula."

Ndinaluma mlomo mpaka kumva kuwawa. Zala zanga zinali ndi matuza chifukwa cha kalavani kameneka, ndipo munthu akukana chifukwa cha kumene chitseko chaloza! Komabe ndinaona kuti akunena zoona. Ine ndinkaganiza za bala lokha, iwo ankaganiza za ulemu wawo. Ndinanong'oneza amuna anga kuti nyumba ya matayala siivuta. Tinabwereka jeki, tinachotsa njerwa, tinazula kamtsetse kaja, anthu oyandikana nafe anabwera kudzakankha, akuseka ndi kutsutsana za kumanja ndi kumanzere. Dzuwa lisanapendeke chitseko chinali chikuyang'ana kumpanda ndi ku papaya, ndipo khitchini yanga inatsala ndi khoma la kumbuyo. Ndodo inagogoda pa zigwagwa, bedi linalira pang'ono, ndipo tinamva mawu othokoza kuchokera mkati.

"Yewo."

Poyamba zinthu zinayenda bwino. Amuna anga anapempha tchuthi ndipo ankatsuka bala okha, m'mawa ndi madzulo. Ine ndinkawiritsa madzi, kuthira mchere monga anatiuzira, kuchapa nsalu ndi kuphika zopanda shuga. Mbale ndinkaziika pakamtsetse, ndikhosomole, ndichokepo. Kutupa kunayamba kuphwa.

Kenako mwini lole anaimba foni. Anati matabwa akuwunjikana, dalaivala akapanda kubwera apeza wina. Mphwake wa amuna anga wa ku Jenda analonjeza kuti abwera kudzakhala ndi agogo ake, koma inali nyengo yogulitsa fodya ndipo sitinamuone. Apongozi anauza mwana wawo kuti apite, adzitsuka okha. Amuna anga anapita.

Chidendene chako sungachione bwino ngakhale uli wathanzi, nanji nkhalamba ya msana wouma ndi maso achimbuuzi. Beseni ndinkaliika pakhomo, linkabwerako madzi ali mbee, thonje litangonyowa pang'ono. Posapita nthawi ndinaona ntchentche zobiriwira zikutera pa waya wa pazenera. Tsiku la kuchipatala litafika, iwo anakwera kabaza wawo, ine wanga pambuyo. Namwino atamasula bandeji anatuluka kudzandipeza pabenchi.

"Amayi, kunyumba kwanu kulibe anthu?"

"Ndilipo ine. Koma ndine mkamwana."

Anali wa konkuno, ndiye sanafunsenso zambiri. Anapumira m'mwamba, anandiuza kuti ndivule nsapato, n'kundisonyeza pa chidendene changa chomwe mmene ndingatsukire: kuyambira pakati kupita m'mbali, thonje lililonse kamodzi kokha, kuumitsa, kuphimba. Anandipatsa magolovesi. Anati bala likadzabwera lili chomwechi mlungu wamawa, adokotala sadzadikiranso.

Ndili pa kabaza pobwerera ndinkaganiza za bedi lija. Ndinalipanga ndine, ndiye ndinkadziwa kuti kumiyendo kwake kwagunda khoma loyang'ana kukhitchini. Tsiku lomwelo ndinaitana wowotcherera zitsulo. Apongozi anali pansi pa papaya ndi wailesi yawo, chipewa chili kumaso. Ndinayeza kunja ndi tepi yanga, ndinajambula ndi choko, munthu uja n'kudula khoma: kazenera koti phazi ndi msongolo zitulukire, osati china. M'mphepete ndinakuta siponji ndi chikopa cha mipando kuti lata lisawacheke. Kunja tinakhoma kathabwa koti phazi lizitsamirapo. Mkati ndinapempha wowotcherera uja apachike katani yakuda, ndiponso kachitseko kokhala ndi loko wa mkati, kuti wotsekula akhale mwini wake. Phokoso la makina odulira lata linamveka mpaka kumsewu, koma pansi pa papaya sipanachoke funso lililonse.

M'mawa mwake ndinabwera ndi beseni, ndinagwada pafupi ndi kazenera. Kuyankhula nawo sindikanatha, ndiye ndinayankhula ndi kalavani.

"Kalavani iwe, uwauze Adada kuti madzi afunda. Uwauze kuti nkhope yawo sindikuifuna. Ndikufuna chidendene basi."

Mkatimo wailesi inakwezedwa.

Ine si munthu wobwerera msanga. Ndinanyamula makina anga osokera, ndinawaika pomwepo, n'kuyamba kusoka makhushoni a anthu. Madzi akazizira ndinkakawiritsanso, ndibwere, ndiuze kalavani kuti afunda. Wailesi inalalikira, inaimba nyimbo za kwaya, inalengeza za maliro. Dzuwa linafika pamutu, linapendeka, ine ndili pomwepo, njala ikundipweteka, ukali ukukwera. Pamapeto ndinaleka kusankha mawu.

"Kalavani iwe, uwauze izi. Mwendowo akaudula, adzafunika kunyamulidwa popita kubafa, kunyamulidwa popita kuchimbudzi. Ana awo ali ku Joni, wina ali pamsewu. Pakhomo pano wonyamula ndine ndemwe. Asankhe okha: ndigwire phazi lero, kapena ndidzagwire thupi lonse."

Nditanena ndinachita mantha ndi pakamwa panga. Mawu otere kwa apongozi anthu amakubwezera nawo kwanu. Wailesi inazima. Ndiye ndinamva loko akulira, kachitseko kanatsekuka, katani inagwedezeka, ndipo phazi linatuluka pang'onopang'ono n'kutsamira pakathabwa.

Linali phazi lalikulu, long'aluka m'mbali, zikhadabo zokhuthala, phazi la munthu amene wayenda pambuyo pa ng'ombe moyo wake wonse. Ukali wanga wonse unathera pomwepo, ndinangowamvera chisoni. Ndinavala magolovesi, ndinamasula bandeji. Fungo linandibweza, koma sindinasonyeze, ngakhale panalibe wondiona. Ndinatsuka monga anandisonyezera namwino. Mkatimo ndinamva chingwe cha kudenga chikulira, ndinadziwa kuti achigwira ndi manja awiri. Nditamanga bandeji yatsopano phazi linabwerera, ndipo kachitseko kasanatsekeke panatuluka mawu otsika, nawonso opita kwa kalavani.

"Uwauze kuti yewo."

Kuyambira pamenepo sindinkafunikanso kuchonderera. Ndikangoika beseni pansi loko ankalira. Chisanu chitafika ndinasoka sokosi yaikulu ya chidutswa cha bulangeti, yoti ilowe pamwamba pa bandeji. Kalavani kanayamba kutumidwa mauthenga ambiri. Ndinkakauza kuti kawauze asiye kubisa mabisiketi amene alendo a kumpingo ankawabweretsera, chifukwa nyerere zikuulula. Iwo ankakauza kuti kandiuze kuti tiyi wopanda shuga n'chilango cha akaidi. Tsiku lina, ndikuumitsa bala, anayamba kufotokozera kalavani za ng'ombe yawo yamawanga imene sinkalola kukamidwa ndi wina aliyense koma malemu akazi awo, ndiponso mmene inalirira mayiwo atamwalira. Anaima pakati pa nkhani. Ine ndinangogwira phazi lija m'manja mpaka anapitiriza. Zaka zonse zija sindinkadziwa kuti apongozi anga ndi munthu wa nkhani, woseketsanso. Amuna anga akabwera ku ulendo ankapeza bala likuchepa, ndipo ankangopukusa mutu poona kazenera. Atafuna kuti atsuke okha, anauzidwa kuti manja awo ngolemera ngati akumanga matabwa.

Sikuti onse anakondwera. Mlongo wawo wa apongozi, mayi wachikulire wa ku Manyamula komweko, anabwera kudzazonda ndipo anandipeza phazi lili m'manja. Anaponya chikwama pansi n'kuwomba m'manja.

"Mkamwana kugwira thupi la adada ake? Vichi ivi? Kwanu mumatero?"

Ndinavula magolovesi n'kuwapatsa. "Ndiye tsukani ndinu, amama. Madzi akadali ofunda."

Anayang'ana bala, anayang'ana magolovesi, sanawalandire. Kuchokera mkati apongozi anawaitana kuti azungulire kukhomo. Anakambirana nthawi yaitali m'Chitumbuka, motsitsa mawu. Potuluka mayi aja sananditsanzike. Ndinaganiza kuti nkhani yanga ikafika kumudzi ili yonenepa, koma ndinati zikhale choncho, bola mwendo ulipo. Madzulo ake loko analira monga mwa masiku onse.

Bala linayamba kufiira bwino, mnofu watsopano ukukwera kuchokera m'mbali. Poyamba munkalowa chala chachikulu, kenako linatsala ngati njere ya chimanga, kenako kachipsera kowala. Mphepo ya chisanu itatha, mitengo ikuphuka masamba ofiira, dokotala uja anadina chidendene uku ndi uku n'kunena kuti mwendo wapulumuka. Anati akhoza kupita kwawo, azimwa mankhwala, asamayende opanda nsapato. Ndili pabenchi langa lija ndinalira, anthu akundiyang'ana ngati ndalandira uthenga woipa.

Amuna anga anakonza zoti awaperekeze ku Manyamula Loweruka. Lachisanu madzulo mlongo wa apongozi uja anabweranso, atasenza dengu lovundikira, ndipo analowa nalo kwa apongozi osandiuza kanthu. Loweruka m'mawa ndinapita ku kazenera ndi beseni ndi mafuta opaka, chifukwa cha chizolowezi chabe, popeza panalibenso chotsuka. Ndinagwada. Loko analira, katani inagwedezeka, koma phazi silinatuluke. Panatuluka dzanja litagwira nkhuku yaikazi yoyera, yomangidwa miyendo, ikuphupha ndi kukuwa pakazenera kopapatiza.

"Mkamwana, landirani. Mbwenu muzungulire kukhomo."

Sanatume kalavani. Anandiuza ine.

Ndinalandira ndi manja awiri. Ndinazungulira, ndipo nditafika pa papaya ndinagwada, maso ali pansi monga kale. Amuna anga ndi azakhali awo anali ataima chapatali. Pamwamba pa kamtsetse ndinaona nsapato ziwiri, zonse zomangidwa zingwe, popanda ndodo.

"Nkhuku iyi yachedwa chomene," anatero apongozi. "Mlandu ngwanga. Dzutsani mutu, mwana wane."

Ndinadzutsa mutu. Anali atavula chipewa. Ndinaona nkhope yaitali, imvi, makutu otambalala ndi mpata pakati pa mano akutsogolo, mpata womwewo umene mwana wanga wamkazi amadandaula nawo pagalasi, umene ndinkadabwa kuti anautenga kuti. Maso awo anali atanyowa, koma ankamwetulira.

Anatsika kamtsetse okha, pang'onopang'ono, mpaka anaima patsogolo panga. Anaponda pansi kawiri ndi phazi lija, fumbi n'kudzuka.

"Mwendo uwu ngwanu," anatero. "Ine ndizingoyendera."

Ndinafuna kuyankha, koma zaka zonse zija ndinali ndisanakonzeko mawu oti ndidzawauze maso ndi maso. Nkhuku inkandikanda pamkono. Ndinangoti, "Adada, tiyi wapsa. Wopanda shuga."

"Chilango," anatero, n'kuyamba kuyenda kulowera kukhitchini kwanga.